Kakonzedwe ka mareferensi musanatumize pepala lanu ku journal

Kuno ku Mchinji kuli anthu ambiri amene ali ndi zoti auze dziko. Anamwino ndi madokotala a pa chipatala chachikulu cha pa boma, a ku Kapiri, ku Ludzi ndi ku Guilleme, alangizi a zaulimi a ku Mkanda, aphunzitsi amene akuchita digiri yachiwiri uku akugwira choko: onsewa amasonkhanitsa zinthu zoyenera kusindikizidwa. Ambiri amalemba bwino kuyambira pa mawu oyamba mpaka pa zimene apeza, koma pofika pa mareferensi (kutchula mabuku ndi mapepala amene atengamo mfundo) mphamvu zimakhala zitatha. Amatola apa, kumata apo, n'kutumiza. Zimandipweteka kuona ntchito ya miyezi yambiri ikubwezedwa isanafike n'komwe kwa ounika chifukwa cha gawo limene likanakonzeka pa masiku ochepa.

Ntchito ya referensi ndi imodzi yokha. Munthu wa ku Blantyre, ku Lusaka kapena ku London akawerenga chiganizo chanu, athe kukapeza yekha pamene munachitenga, buku lake ndi tsamba lake, osakufunsani. Zili ngati kulondolera mlendo njira ya kumudzi kwanu: simungangomuuza kuti "ndi cha ku Kamwendo", mumamuuza potsikira, pokhotera ndi dzina la mfumu. Malamulo onse amene ali m'munsimu atsamira pamenepo.

Yambani ndi malamulo a journal

Musanalembe referensi ngakhale imodzi, sankhani journal (magazini yosindikiza zofufuza) imene mukutumizako, ndipo mutsegule tsamba lake lotchedwa Instructions for Authors kapena Author Guidelines. Lisungeni mufoni kapena mulisindikize, kuti netiweki ikavuta musaime. Koperaninso mapepala awiri kapena atatu amene journal yomweyo yatulutsa posachedwa, chifukwa maso amagwira msanga poona chitsanzo kusiyana ndi powerenga lamulo. Muyang'ane dzina la sitayilo imene amafuna, chiwerengero cha mareferensi chimene salola kupitirira, alembi angati amene amatchulidwa asanaike et al. (kutanthauza "ndi anzake"), ndiponso ngati amafuna DOI (nambala yosasintha yopezera pepala pa intaneti). Pamene lamulo la journal lasemphana ndi buku la sitayilo, tsatirani journal.

Masitayilo alipo ambirimbiri, koma amene mungakumane nawo ali m'magulu awiri. Gulu loyamba limatchula dzina la mlembi ndi chaka m'kati mwa nkhani, ndipo mndandanda wa kumapeto umatsata afabeti. Muno muli APA, yofala pa zamaphunziro ndi zachikhalidwe cha anthu, komanso Harvard. Gulu lachiwiri limaika manambala, ndipo mndandanda umatsata mmene manambalawo aonekera m'nkhani. Yodziwika kwambiri ndi Vancouver, imene inayamba pamene akonzi a ma journal a zachipatala anakumana mumzinda wa Vancouver ku Canada mu 1978. Malawi Medical Journal imatsata imeneyi. Olemba mbiri yakale nthawi zambiri amagwiritsa ntchito Chicago, imene imaika umboni m'munsi mwa tsamba.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala pano. Harvard ilibe buku limodzi lolamulira. Yunivesite iliyonse ndi journal iliyonse ili ndi Harvard yakeyake, choncho musadalire kapepala kamene munapatsidwa ku koleji. Nayo APA inasintha. Kope lachisanu ndi chiwiri linatuluka mu 2019, koma timapepala tambiri timene timayenda pa WhatsApp tikadali ta kope lakale. Mukaona chitsanzo cha APA chikutchula mzinda wa wosindikiza buku, dziwani kuti n'chakale.

Lembani pamene mukuwerenga

Gawo limene limapulumutsa nthawi yambiri ndi ili, ndipo limachitika pepala lisanayambe kulembedwa. Chilichonse chimene mwatsegula, lembani pomwepo zinthu izi: alembi onse m'ndondomeko imene alembedwera, chaka, mutu wonse, dzina la journal kapena la wosindikiza, voliyumu, nambala ya kope, tsamba loyamba ndi lomaliza, ndi DOI ngati ilipo. Ngati ndi lipoti limene mwabwereka ku ofesi ya khonsolo kapena ya zaumoyo, jambulani ndi foni chikuto chake, tsamba la kuseri kwa chikuto, ndi tsamba limene mwatengapo nambala. Lipoti lotero likabwezedwa, kulipezanso n'kovuta. Mwina bwana amene anakubwerekani adzakhala atasamutsidwa.

M'kope lanu siyanitsani mawu anu ndi mawu a mwini wake. Mukakopera ndendende, ikani mitengero ndi nambala ya tsamba nthawi yomweyo. Anthu ambiri amene amagwidwa ndi mlandu wakuba mawu sanafune kuba. Anakopera ndime mu Januwale, pofika Juni n'kuiwala kuti si yawo.

Ndipo musatchule chimene simunatsegule. Ndikunena izi motsindika chifukwa chiyeso chake n'chachikulu kuno kumene bandulo ndi yodula: mumaona wina watchula pepala, inu n'kungotenga referensiyo ngati mwawerenga. Ngati iye analakwitsa chaka kapena anapotoza zimene pepalalo likunena, cholakwacho chasanduka chanu. Njira zopezera mapepala zilipo. PubMed Central, nkhokwe ya pa intaneti ya mapepala a zachipatala, ndi yaulere, African Journals Online ili ndi ma journal ambiri a mu Africa, ndipo zipatala ndi makoleji a ku Malawi angathe kulembetsa kwaulere ku Research4Life, kumene kuli Hinari ya zaumoyo ndi AGORA ya zaulimi. Zikakanika zonsezi, lemberani imelo mlembi amene adiresi yake ili pa tsamba loyamba. Ambiri amatumiza mokondwa.

M'kati mwa nkhani

Titenge chitsanzo cha kwathu konkuno. Kafukufuku wa MaiMwana, wokhudza magulu a amayi ndi alangizi odzipereka, anachitikira m'midzi ya Mchinji, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu The Lancet mu 2013. Mlembi woyamba ndi Lewycka, ndipo anzake ndi ambiri.

Mu APA, kumapeto kwa chiganizo mumalemba (Lewycka et al., 2013), mpumiro wa chiganizo n'kubwera pambuyo pa mkutiro wotseka. Ngati dzina lili mbali ya chiganizo, chaka chokha ndicho chimalowa m'mikutiro: Lewycka et al. (2013). Alembi akakhala atatu kapena kuposa, et al. imayamba pa ulendo woyamba womwe. Akakhala awiri, mumatchula onse nthawi zonse, ndi chizindikiro cha & m'mikutiro koma mawu akuti "and" m'chiganizo. Onetsetsani mpumiro: uli pambuyo pa "al", osati pa "et". Mukatchula mapepala angapo m'mikutiro imodzi, atsate afabeti, olekanitsidwa ndi chizindikiro cha ; chija.

Mawu otengedwa ndendende amafuna mitengero ndi tsamba: p. pa tsamba limodzi, pp. pa masamba angapo. Akafika mawu 40 kapena kuposa, amakhala ndime yakeyake yolowa m'kati, yopanda mitengero. Ine ndimalangiza kuika tsamba kapena nambala ya tebulo ngakhale pa chiwerengero chimene mwatenga mu lipoti lalikulu. Mukalemba kuti Mchinji inali ndi anthu 602,305 pa kalembera wa 2018, mthandizeni wowerenga kuti asafufuze lipoti lonse.

Kenako pali vuto lathulathu la mayina. Pepala la ku Malawi silichedwa kukhala ndi a Banda awiri, a Phiri atatu ndi a Mwale angapo, onse anthu osiyana. APA imati alembi oyamba akafanana dzina la bambo, ikani zilembo zoyamba za mayina awo m'kati mwa nkhani nthawi zonse, ngakhale zaka zikhale zosiyana. Munthu mmodzi kapena bungwe limodzi likatulutsa zinthu ziwiri chaka chimodzi, mumawonjezera chilembo pa chaka, monga 2019a ndi 2019b, motsata afabeti ya mitu yake, ndipo zilembozo zioneke m'nkhani ndi m'ndandanda momwe.

Nanga ngati choyambirira chasowa ndithu, monga buku lakale limene silipezeka? Pamenepo nenani zoona. Tchulani mwini mawu, kenako "as cited in" ndi dzina la amene mwawerengayo. M'ndandanda mumalowa amene mwawerenga yekha. Zikhale za apo ndi apo.

Vancouver ndi yopepuka m'nkhani koma imaluma pokonza. Choyamba kutchulidwa ndi 1, chachiwiri 2, ndipo chinthu chikapatsidwa nambala chimakhala nayo mpaka kumapeto. Mukatchulanso MaiMwana pa tsamba lakhumi, mubwereza nambala yomwe ija. Manambala otsatizana amalumikizidwa, monga 3-6. Journal ndiyo imanena ngati nambala ikhale kamwamba, m'mikutiro yozungulira kapena ya makona. Kuluma kwake n'kwakuti mukawonjezera referensi imodzi m'ndime yoyamba, manambala onse a m'munsi amasuntha. Wochita pamanja asaike manambala mpaka pepala litatha: aziyamba walemba dzina ndi chaka, n'kudzasandutsa manambala pa tsiku lomaliza.

Mndandanda wa kumapeto

Referensi iliyonse imayankha mafunso anayi: ndani, liti, chiyani, kuti. Masitayilo amangosiyana pa kayalidwe ndi zizindikiro.

Mu Vancouver, pepala la MaiMwana limayamba ndi alembi asanu ndi mmodzi oyamba, dzina la bambo kenako zilembo zopanda mipumiro, motere: Lewycka S, Mwansambo C, Rosato M, Kazembe P, Phiri T, Mganga A, et al. Kenako mutu wonse, ndipo pomaliza Lancet. 2013;381(9879):1721-35. Taonani bwino chidutswa chomalizachi. Palibe mpata pakati pa chaka ndi masamba, 381 ndi voliyumu, 9879 ndi kope, ndipo tsamba lomaliza lafupikitsidwa. Dzina la journal limafupikitsidwa motsata NLM Catalog (mndandanda wa ma journal wa National Library of Medicine ya ku America), osati mongoganizira: Malawi Medical Journal imakhala Malawi Med J.

Mu APA pepala lomwelo limaoneka mosiyana. Alembi onse amalembedwa mpaka 20, zilembo zawo zili ndi mipumiro, chaka chili m'mikutiro pambuyo pa mayina. Mutu wa pepala umakhala ndi chilembo chachikulu pa liwu loyamba, pa liwu lotsatira chizindikiro cha : ndi pa mayina monga Malawi ndi MaiMwana basi. Dzina la journal limalembedwa lonse, mopendeketsa, pamodzi ndi voliyumu. Nambala ya kope siipendekera. Masamba amalembedwa onse, 1721–1735. Pomaliza DOI, yoyamba ndi https://doi.org/ ndipo yopanda mpumiro kumapeto. Mzere woyamba wa referensi umayambira kumphepete, yotsatira imalowa m'kati ndi theka la inchi. Mu Word musachite kudinadina batani la mpata. Sankhani mndandanda wonse n'kudina Ctrl ndi T.

Ma journal ena a pa intaneti, monga PLOS ONE ndi a BMC, alibe masamba otsatizana. Ali ndi nambala ya nkhani, ndipo imeneyo ndiyo imalowa pamalo pa masamba. Musawerenge masamba a PDF n'kulemba 1-12.

Buku limafuna mlembi, chaka, mutu, kope lachingati ngati si loyamba, ndi wosindikiza. Vancouver imafunanso mzinda. Chaputala cha m'buku la alembi ambiri chimayamba ndi amene analemba chaputalacho, akonzi a buku n'kubwera pambuyo, ndi masamba a chaputala.

Zolemba za kwathu zimafuna dzanja lanu

Apa ndipo ndikufuna tikhalitse. Pepala la mu Lancet kompyuta imalikonza yokha. Koma mapepala athu amatsamira kwambiri pa malipoti a boma, ndondomeko za maunduna, mathesisi ndi malamulo, ndipo zimenezi zilibe DOI, zina zilibe mlembi, zina zilibe n'chaka chomwe. Ounika wa kunja sangazidziwe pokhapokha inu mutazilemba mokwanira, ndipo zikalembedwa mwachidule zimaoneka ngati zopanda pake pamene ndizo msana wa nkhani yanu.

Pa lipoti la bungwe, mlembi ndi bungwelo, dzina lake lonse. Lipoti lalikulu la kalembera mu Vancouver limakhala: National Statistical Office. 2018 Malawi Population and Housing Census: Main Report. Zomba: National Statistical Office; 2019. Mu APA, mlembi akakhala yemwenso wasindikiza, simubwereza dzinalo kumapeto. Onani zaka ziwirizo. Kalembera anachitika mu 2018, koma lipoti linatuluka mu 2019, ndipo chaka cha referensi ndi chotulukira. N'chimodzimodzi ndi Malawi Demographic and Health Survey 2015-16, imene inasindikizidwa mu 2017 ndi National Statistical Office pamodzi ndi kampani ya ku America ya ICF. Malipoti a kafukufuku wotereyu (DHS) amakhala ndi kalembedwe kovomerezeka kuseri kwa chikuto. Yambirani pamenepo, n'kukasinthira ku sitayilo ya journal yanu.

Mayina a maunduna amasinthasintha. Unduna womwewo zaka zina unkatchedwa Ministry of Health and Population, zaka zina Ministry of Health. Lembani dzina limene lili pa chikuto cha chimene muli nacho m'manja, osati limene undunawo uli nalo lero. Popeza Zambia nayo ili ndi Ministry of Health, ndipo ife a m'malire timawerenga zolemba za mbali zonse, onetsani dziko. Musasokonezenso zaka za m'mutu ndi chaka chosindikiza: Health Sector Strategic Plan III ndi ya 2023 mpaka 2030, koma m'malo a chaka mumalowa chaka chimodzi.

Lamulo la dzina la pa chikuto limagwiranso pa mathesisi. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa: College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinapanga Kamuzu University of Health Sciences, ndipo Polytechnic inakhala Malawi University of Business and Applied Sciences. Bunda inali itachoka kale n'kukhala mbali ya Lilongwe University of Agriculture and Natural Resources (LUANAR). Thesisi imene inaperekedwa ku College of Medicine mu 2015 ndi ya University of Malawi, ndipo muilembe choncho. Nenani ngati ndi ya masitazi kapena ya udokotala, ndipo ngati ili pa intaneti ikani linki.

Olemba mbiri ali ndi zawo. Mchinji inkatchedwa Fort Manning, Chipata inali Fort Jameson, dziko linali Nyasaland mpaka 1964. Mukatenga chikalata ku National Archives of Malawi ku Zomba, koperani nambala ya fayilo ndi mutu wake monga zilili. Mukasintha Fort Manning kukhala Mchinji m'mutu wa fayilo, wobwera pambuyo panu sadzaipeza.

Malamulo a dziko amatchulidwa ndi dzina, nambala ndi chaka, monga Gender Equality Act, No. 3 of 2013, kapena Marriage, Divorce and Family Relations Act, No. 4 of 2015, ndipo m'nkhani mumaloza gawo lenileni la lamulolo. Ambiri amapezeka pa tsamba la pa intaneti la MalawiLII. Nkhani ya m'nyuzipepala, kaya ya The Nation kaya The Daily Times, imafuna tsiku, mwezi ndi chaka. Chimene chinalembedwa m'Chichewa, mutu wake ukhale m'Chichewa momwemo. APA imati muwonjezere tanthauzo lake la Chingerezi m'mikutiro ya makona. Musachite manyazi kutchula zolemba za m'chinenero chathu ngati ndizo zili ndi umboni.

Chaka chikasowa, yambani mwafufuza kuseri kwa chikuto, pa mawu otsogolera amene nduna kapena mlembi wamkulu anasaina, ndi pa tsamba lomaliza. Chikasowa ndithu, APA imalemba n.d. (kutanthauza kuti palibe chaka). Musaike chaka chongoganizira.

Samalani ndi mayina a anthu. Kusukulu tinazolowera kaundula woyamba ndi dzina la bambo, pamene pa mapepala ambiri dzina la bambo limakhala kumapeto, ndipo mayina athu ambiri angathe kukhala mbali iliyonse. Mukakayika, onani mmene mlembiyo walembedwera pa PubMed kapena pa mapepala ake ena. Nkhodolero ya m'mayina monga Ng'oma ndi Ng'ambi isagwe. Mayina ophatikiza, monga Skordis-Worrall amene ali pa pepala la MaiMwana, amakhala amodzi osadulidwa. Maudindo onse, Dr, Prof, Rev, salowa m'mareferensi, ngakhale tiwalemekeze chotani eni akewo.

Pali zina zimene siziyenera kulowa m'ndandanda. Zimene wakuuzani mkulu wa ofesi pakamwa, pa foni kapena pa imelo zimatchulidwa m'nkhani mokha, ndi dzina lake ndi tsiku, chifukwa wowerenga sangakazipeze. Ma journal a zachipatala amafuna chilolezo cholembedwa cha munthuyo, choncho mupempheni adakali pafupi. Mawu a anthu amene munacheza nawo pa kafukufuku wanu, amayi a m'gulu kapena nyakwawa za m'mudzi, si mareferensi konse. Amenewo ndi zotsatira zanu, ndipo mayina awo amabisika monga munalonjezera ku komiti yoona za ufulu wa ochita nawo kafukufuku. Manambala amene mwatulutsa mu DHIS2 (pulogalamu yosungiramo manambala a zaumoyo) kapena m'marejisitala a chipatala afotokozeni m'gawo la njira zimene munatsata: anachokera kuti, a miyezi iti, ndipo analoleza ndani.

Zotero

Ngati muli ndi laputopu, ikanimo Zotero, pulogalamu yosunga ndi kukonza mareferensi. Ndi yaulere, ndipo mukaikamo zinthu imagwira ntchito popanda intaneti, chinthu chofunika kuno magetsi ndi netiweki zikamasinthana kuchoka. Mendeley nayo ndi yaulere. EndNote ndi yogula. Mu Zotero muli kabatani ka ndodo yamatsenga: mukaikapo DOI, ISBN (nambala ya buku) kapena nambala ya PubMed, imakoka zonse yokha. Imalowanso mu Word, LibreOffice ndi Google Docs, kotero kuti mukawonjezera referensi pakati, manambala onse a Vancouver amadzikonza. Journal ina ikakana pepala, kusinthira ku sitayilo ya ina ndi nkhani ya mphindi zochepa.

Koma Zotero imatulutsa zimene mwaidyetsa. Tsegulani chinthu chilichonse n'kuchiyang'ana. Cholakwika chofala kwambiri pa zolemba zathu n'chakuti dzina la bungwe limatengedwa ngati la munthu, ndiye National Statistical Office imatuluka ngati Office NS. Pambali pa dzina la mlembi pali kabatani kosinthira mabokosi awiri kukhala limodzi. Dinani pamenepo n'kulemba dzina lonse. Sungani mitu ya mapepala ndi zilembo zazing'ono kupatula loyamba ndi mayina, ndipo mukauza Zotero kuti isinthe yokha, bwererani mukakweze M wa Malawi ndi wa Mchinji amene angakhale atatsitsidwa. Onaninso mtundu wa chinthu: lipoti lisalowe ngati nkhani ya journal, thesisi isalowe ngati buku. Batani la Cite la pa Google Scholar n'lothandiza poyambira, koma kawirikawiri limasiya nambala ya kope kapena masamba. Ndipo cholakwika chikonzedwe mu Zotero momwemo, osati mu Word, chifukwa chokonzedwa mu Word chimatha kubwerera mwakale mukadina Refresh.

Mapulogalamu ocheza nawo monga ChatGPT amatha kupeka mareferensi ooneka bwino, okhala ndi mayina enieni a ofufuza ndi ma journal enieni, koma pepalalo kulibe. Referensi iliyonse yochokera kumeneko muipeze nokha ndi kuitsegula. Ikapanda kupezeka, ichotseni.

Kuunika komaliza

Sindikizani pepala lonse, mutenge cholembera, ndipo ngati n'kotheka mukhale awiri. Mmodzi aziwerenga nkhani n'kutchula dzina ndi chaka kapena nambala iliyonse imene wakumana nayo, winayo azichonga m'ndandanda. Musaiwale matebulo ndi mawu a pansi pa zithunzi. Mukamaliza, chilichonse chosachongedwa m'ndandanda chichoke, ndipo chilichonse chotchulidwa m'nkhani chimene sichinapezeke chiwonjezedwe. Poterepa mudzagwiranso zaka zosemphana ndi mayina olembedwa mosiyana.

Kenako, pa tsiku limene netiweki ili bwino, dinani DOI ndi linki iliyonse muone ngati ikufikitsani pa chinthu choyenera. Bungwe la Crossref, limene limalembetsa ma DOI, lili ndi tsamba laulere lotchedwa Simple Text Query, pamene mumamata mndandanda wonse ndipo limakupezerani ma DOI amene alipo. Onaninso ngati pali pepala limene linachotsedwa ndi journal yake chifukwa cha zolakwika kapena chinyengo. PubMed imaika chenjezo pa mapepala otero, ndipo Zotero imawaonetsa ndi chizindikiro chofiira. Udindo woona zimenezi ndi wa alembi, osati wa mkonzi.

Funso lomaliza pa referensi iliyonse ndi lovuta kuposa onse: kodi pepalali likunenadi zimene chiganizo changa chikunena? Kafukufuku wa ku Mangochi asaimire dziko lonse, ndipo zimene mlembi anangoti "mwina" zisasanduke zotsimikizika m'chiganizo chanu. Ounika ambiri ndi anthu amene anawerenga mapepalawo, ena ndi amene anawalemba.

Ngati journal imabisa mayina a alembi kwa ounika, onani mmene imafunira kuti mutchulire ntchito zanu zakale, kuti mawu onga "monga tinapezera kale" asakuululeni. Mukakhutira, sungani fayilo kawiri. Imodzi ikhale yolumikizidwabe ndi Zotero, yoti mudzagwiritse ntchito ndemanga za ounika zikabwera. Pa inayo dinani Unlink Citations, ndipo imeneyo ndiyo mutumize. Ikani zonse ziwiri pa fulashi ndi pa imelo yanu.

Pepala likalandiridwa, wosindikiza adzakutumizirani kope loti muone lisanatuluke, ndipo mafunso ake ambiri amakhala a mareferensi: tsamba losowa, chaka chosemphana, mzinda wa wosindikiza lipoti. Nthawi yoyankhira imakhala yochepa, kawirikawiri masiku awiri kapena atatu, choncho zithunzi za zikuto ndi kope lanu la zolemba zikhale pafupi mpaka pepala litatuluka.